Kodi ndigule tenti kapena ndizingolipira chipinda kunyanja?

MwanaWaKawale:
Abale anga okonda nyimbo, ndithandizeni maganizo. Chilimwe chino ndatenga tchuthi kuntchito, ndipo ndikufuna kukaonera zoimba za kunyanja: Lake of Stars, Sand Music Festival, kenako ndikatsirizire ku chikondwerero cha Tumaini ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka. Ndalama ya matikiti ndasunga kale. Chomwe chandiimitsa mutu ndi pogona. Malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja amakweza mitengo sabata ya chikondwerero, ndipo abwinoko amadzaza msanga. Ndaona tenti ya anthu awiri m'sitolo ina muno mu Lilongwe, mtengo wake ukuyandikira wa kugona masiku angapo m'chipinda. Ndigule, kapena ndingotaya ndalama?

Achimwene a ku Senga Bay:
Gulani, musachedwe. Ine ndimakhala kuno ndipo ndimaona zomwe zimachitika. Zipinda za pafupi ndi malo oimbira zikatha, anthu amakapeza pogona pa Salima boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera kunyanja. Ndiye taganizani, oimba omwe mwawadzera akwera pa siteji cha m'ma 2 koloko usiku, atsika kunja kukuyera, inu muyambe kusaka galimoto kapena njinga yamoto yokubwezani ku boma. Ena oyendetsawo achezera kumwa. Ambiri amachoka zoimba zisanathe chifukwa choopa ulendo umenewu, tikiti atalipira yonse. Wa tenti amayenda mphindi zochepa n'kukagona.

NaZomba:
Achimwene, mwanena zoona za ulendo wausiku, koma simunanene za dzuwa. Zikondwerero za kunyanjazi zimachitika cha mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomwe Salima ndi Mangochi kumatentha kosaseweretsa. Nyimbo zimatha m'bandakucha, ndiye nthawi yogona ndi m'mawa. Dzuwa likangokwera pang'ono, mkati mwa tenti mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Umatuluka thukuta lili kamukamu, tulo tosakwana, mutu ukuwawa. Pofika usiku wachiwiri thupi lakana, ukuodzera oimba ali pakati pa nyimbo. Ine ndinayesapo ndipo ndinabwerera ku chipinda. Munthu wapita kukamvera nyimbo, ayenera kukhala ndi mphamvu zomvera.

Malume a ku Chintheche:
Mphwanga wa ku Kawale, ndimvereni ine wachikulire. Lake of Stars inayambira kwathu kuno mu 2004, pa Chintheche Inn, ndipo kuyambira nthawi imeneyo anthu akhala akugona m'matenti. Zomwe anena a NaZomba n'zoona kwa munthu amene wakhoma tenti pamtetete. Nkhani yagona pa malo. Fikani msanga, tsiku loyamba m'mawa, mupeze pansi pa mtengo, ndipo muyang'ane komwe dzuwa limatulukira. Kugombe la ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay dzuwa limatulukira kunyanja, choncho mtengo ukhale pakati pa inu ndi madzi. Nsalu yapamwamba yotchinga mvula ija ichotseni, m'chilimwe ilibe ntchito, isiyeni yamkati ya neti mphepo izidutsa.

Koma chomwe chimagwetsa matenti ambiri ndi mphepo. Mwera umaomba kwambiri miyezi yozizira, koma ngakhale mu Seputembala umatha kudzuka usiku. Tizikhomo tating'ono tomwe timabwera ndi tenti ya m'sitolo sitigwira mumchenga. Pitani kwa owotcherera akudulireni zitsulo zazitali, kapena tengani matumba, mudzaze mchenga, mumangirire zingwe n'kukwirira. Ndaonapo tenti ikugubuduzika kulowera m'madzi mwini wake ali kovina.

NaZomba:
Malume, mitengo ya mthunziyo ndi ingati poyerekeza ndi anthu? Amene afika Lachisanu madzulo ataweruka kuntchito amapeza yonse yatengedwa.

Malume a ku Chintheche:
N'chifukwa chake ndati afike msanga, mwanangu. Mwini nkhani wanena kuti ali pa tchuthi.

Namwino wa ku Nkhotakota:
Ine ndiyankhulepo za umoyo basi. M'mbali mwa nyanja malungo ndi ambiri chaka chonse. Tenti yokhala ndi neti yosang'ambika komanso zipi yotseka bwino imateteza kuposa chipinda chotchipa chomwe neti yake ili ndi mabowo. Koma ikakhala yoboola, mwadzitsekera limodzi ndi udzudzu. Musanalipire, itambasuleni m'sitolo momwemo, muyang'ane neti yonse, mutsegule ndi kutseka zipi kangapo. Tengani mafuta odzola othamangitsa udzudzu chifukwa nthawi yambiri mudzakhala panja, ndipo mukabwerako thupi likatentha, kayezetseni msanga. Ngati mukasambe m'nyanja pamalo a bango ndi madzi odekha, kumbukiraninso likodzo.

Wa ku Joni:
Ndawerenga zonse. Funso langa kwa a ku Kawale ndi lakuti: tenti yake ndi yamtundu wanji? Pali zina zotchipa za nsalu imodzi, ndodo zake zopyapyala zomwe zimathetheka zikapindika kwambiri. Zimenezo chikondwerero chimodzi zatha. Yabwino imakhala ndi nsalu ziwiri, yamkati ya neti ndi yakunja, pansi pake pochindikala, komanso mazenera mbali ziwiri. Ndipo ikalembedwa kuti ya anthu awiri, dziwani kuti ndi ya munthu mmodzi ndi chikwama chake.

Ine yanga ndimapita nayo ku chikondwerero cha nyimbo cha Bushfire ku Eswatini, ku Malkerns, kumapeto kwa Meyi. Kumeneko vuto ndi kuzizira usiku, nsalu yakunja ija ndiye imagwira ntchito. Ngati muli ndi maloto odzafika kumeneko tsiku lina, gulani yolimba kamodzi. Katundu wochokera kunja sakutsika mtengo kumudziko, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukadikira chaka chamawa mudzaipeza yakwera. Ngati muli ndi m'bale kuno, akhoza kukutumizirani pa basi, kuno zosankha n'zambiri.

NaZomba:
Tiyeni tiwerengere bwinobwino kuti tentiyo idzagwira ntchito kangati. Ku Tumaini safunika tenti: kulowa n'kwaulere, Dzaleka ili pafupi ndi Lilongwe moti akhoza kubwerera kwawo, ndipo pali dongosolo loti alendo azigona m'nyumba za mabanja a pamsasapo, ndalama n'kupita kwa mabanjawo. Kugona kumeneko n'gawo la chikondwererocho, ine sindingasinthanitse ndi tenti. Akafuna kukwera Mulanje, kuphiriko kuli nyumba zogona monga Chambe, Lichenya ndi Thuchila. Kwatsala zikondwerero ziwiri pachaka. Ndipo Lake of Stars imasinthasintha malo, Chintheche, Senga Bay, Nkopola ku Mangochi, Nkhotakota mu 2024, zaka zina osachitika n'komwe. Tenti idzakhala pansi pa bedi miyezi yambiri.

Onjezanipo matiresi, tochi, loko, ndi ndalama ya malo okhomapo tenti, chifukwa nthawi zambiri imalipiridwa payokha. Kenako mzere wa kubafa ndi kuchimbudzi m'mawa, kwa ife amayi si nkhani yaing'ono. Za kuba sindinanene: nsalu imang'ambidwa ndi lumo, loko ali pomwepo.

Achimwene a ku Senga Bay:
Za kuba n'zoona, achemwali. Foni, ndalama ndi chitupa ziziyenda ndi mwini wake m'kachikwama ka m'chiuno. Mutenti muzitsala zovala ndi zofunda. Komanso khomani pafupi ndi anthu omwe mwadziwana nawo, anthu a m'matenti amayang'anirana. Ndipo pali china chomwe wa m'chipinda sachipeza. Masana, siteji isanayambe, kumatenti kumakhala magitala ndi ng'oma, oimba achinyamata omwe sanapatsidwe mpata pa pulogalamu amaimbira pomwepo. Nyimbo zina zabwino zomwe ndamvapo pagombe lino ndinazimvera pamenepo, nditakhala pamchenga.

Namwino wa ku Nkhotakota:
Bwanji osayamba mwabwereka? Kapena musonkherane ndi mnzanu amene mumayenda naye, mugule yaikuluko.

Malume a ku Chintheche:
Kusonkherana ndiye nzeru. Kubwereka ayi, zipi ikafa ndi mchenga chibale chimasokonekera.

MwanaWaKawale:
Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Ija ndinaiona m'sitolo ndi ya nsalu imodzi, ndiye ndaisiya. Ndayankhula ndi msuweni wanga yemwe timapitira limodzi ku zoimba, wavomera kuti tisonkherane tigule ya anthu anayi ya nsalu ziwiri. Ku Tumaini ndikagona kwa banja la pamsasa monga mwanenera, a NaZomba, ndipo za kutentha sindinazitaye, ndikapita ndi ndalama yapadera ya chipinda usiku umodzi ngati thupi likana. A ku Joni, ndikulemberani kumbali za kutumiza pa basi. Malume, zitsulo zokhomera mumchengazo zikhale zotalika bwanji?

Malume a ku Chintheche:
Kuyambira pachigongono kufika kunsonga ya chala, mutu wake aupinde kuti chingwe chisavuke. Pokhoma muzipendeketse, mutu uloze kutali ndi tenti. Ndipo muyese kuimanga pabwalo kwanu musananyamuke.