Alan Wake 2: batire ya tochi ikutha msanga, thandizeni nzeru

Anzanga okonda magemu, funso langa lili pa Alan Wake 2, gemu ija kampani ya Remedy inatulutsa mu 2023, patatha zaka 13 chitulukire yoyamba. Nkhani yake ndi yogwira mtima kwambiri: Saga Anderson wa FBI (bungwe la ku America lofufuza milandu) akufufuza za kuphedwa kwa anthu ku Bright Falls, pamene Alan, wolemba mabuku, watsekeredwa ku Dark Place, dziko la mdima longa loto loopsa, komwe amasintha maonekedwe a malo polemba nkhaniyo mwatsopano mu Writer's Room, chipinda chake cholembera.

Vuto lili pa tochi. Mdani amabwera atakutidwa ndi mdima, ndipo uyenera kuyamba wautentha ndi kuwala kwamphamvu usanawombere, apo ayi zipolopolo zimangotayika. Koma ku Dark Place zithunzithunzi zambiri zooneka ngati adani zimangozimiririka zokha, zochepa ndizo zimamenya, ndiye batire imathera pachabe. Kodi inu mumazisiyanitsa bwanji zisanayandikire? Nanga flare (kandodo koyaka mowala kwambiri) ndi bwino kuiyatsa adani akachuluka, kapena kuisungira adani akuluakulu?

Chinanso: case board ya Saga (bolodi loikapo maumboni a mlandu) imachedwetsa masewero, chifukwa nthawi zina gemu siipita patsogolo mpaka umboni uwuike pamalo pake. Gemu ikalola kusinthana anthu awiriwa, kodi kutsiriza kaye mbali ya Saga kumaulula zinsinsi za mbali ya Alan nthawi isanakwane?