Kodi wochita lendi ku Chingodzi angateteze katundu wake ndi seguro?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za inshuwalansi. Ine ndi banja langa tikuchita lendi ku Chingodzi, mumzinda wa Tete, ndipo eni nyumba andiuza kuti seguro (inshuwalansi) imene iwo amalipira imateteza makoma ndi denga lokha, pamene geleira (firiji), mipando ndi makina osokera a mayi akunyumba ndiyenera kudzionera ndekha. Amene munali kuno mu Januwale 2022 mukukumbukira mmene namondwe Ana anasefukiritsira mtsinje wa Revúbuè, mpaka mlatho wopita ku Moatize unaduka ndipo madzi analowa m'nyumba za anthu. Dzinja likamayandikira, mtima wanga sukhala m'malo, makamaka chifukwa makina osokerawo ndi amene amatilipirira lendi.

Kodi munthu amene nyumba si yake amaloledwa kulembetsa katundu yekha? Nanga madzi osefukira amawerengedwa, kapena ndi moto ndi akuba basi? Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zinthu zambiri tinagula kwa anthu popanda recibo (lisiti).

Yankho loyamba:
Bambo, n'zotheka. Pitani ku makampani monga EMOSE kapena Hollard, mukafunse za seguro multirriscos habitação, inshuwalansi ya nyumba yoteteza ku ngozi zosiyanasiyana, ndipo mukanene kuti mukufuna ya recheio yokha, kutanthauza za m'nyumba. Musakhutire ndi mawu apakamwa; mukapemphe kuwerenga apólice yeniyeniyo, chikalata cha mgwirizano wanu ndi kampani, muone ngati inundações (madzi osefukira) yalembedwamo, popeza kwa okhala pafupi ndi mtsinje kampani ikhoza kukweza mtengo kapena kukana mbali imeneyo. Muonenso franquia, ndalama zimene mumadzilipirira nokha kampani isanayambe kukubwezerani, chifukwa ikakhala yaikulu, geleira yakale simudzalandirapo kanthu. Makina osokerawo muwatchule poyera kuti ndi a ntchito yopezera ndalama, chifukwa mukabisa akhoza kudzakana kulipira. Pa za recibo, jambulani chinthu chilichonse pamodzi ndi nambala yake ya ku fakitale, ndipo zithunzizo musunge pa intaneti, osati mufoni mokha. Ngati mukudzera mwa munthu wapakati, tsimikizani kuti ndi wovomerezeka ndi bungwe loyang'anira za inshuwalansi m'dziko muno.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezereko pang'ono, achimwene. Musachepetse mtengo wa katundu pofuna kulipira zochepa, chifukwa mukalembetsa theka la mtengo wake, pa tsoka adzakubwezeraninso theka la zowonongekazo. Akuba akakuthyolerani, thamangani ku esquadra mukatenge chikalata cha apolisi musanakonze chitseko.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Latsala funso limodzi: magetsi akabwerera mwamphamvu n'kupsereza geleira, kodi zimenezo zimalowa mu apólice yomweyo, kapena ndiyenera kuzipempha padera?