Kodi ana a Sitandade 6 ndingawaphunzitse bwanji nyimbo popanda zida?

Mphunzitsi wa ku Thyolo:
Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Chaka chino ndapatsidwa phunziro la Expressive Arts mu Sitandade 6, ndipo m'kalasimo muli ana oposa 90. Pasukulu pathu palibe chida choimbira ngakhale chimodzi kupatula ng'oma yobooka imene ili mu ofesi ya ahedi. Ndikawauza kuti aombe m'manja motsatira nyimbo, a kutsogolo amathamanga, a kumbuyo amatsalira, mapeto ake limangokhala phokoso mpaka aphunzitsi a kalasi yoyandikana nayo amadandaula. Anyamata okulirapo nawonso sakufuna kutsegula pakamwa. Kodi ndiyambe ndi kuwalembera zizindikiro za nyimbo pabolodi monga zilili m'buku, kapena pali njira ina?

Mayi wa ku Chonde:
Aphunzitsi, zizindikirozo muyambe mwaziika pambali. Ana athu a kuno kwa Alhomwe amafika kusukulu akudziwa kale kugunda kwa nyimbo, chifukwa akula akuona tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2014, ndipo ambiri amapita ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umene umachitika kuno ku Chonde mwezi wa Okutobala. Chimene sadziwa n'kusunga gawo lawo pamene mnzawo akuimba gawo lina, ndipo ntchito yanu yagona pamenepo.

Atulutseni panja pansi pa mtengo, aime mozungulira, ndipo poyamba aziponda pansi okhaokha, phazi lamanja kenako lamanzere, mpaka nthaka imveke ngati akuponda ndi munthu mmodzi. Musafulumire kuchoka pamenepa ngakhale phunziro lonse litathera pa kupondako. Akakhazikika, agaweni magulu atatu monga zimakhalira ng'oma zitatu zosiyana kukula za tchopa: gulu loyamba lipitirize kuponda, lachiwiri liombe m'manja kawiri pa kuponda kulikonse, lachitatu limenye ntchafu katatu pa nthawi imene anzawo aomba kawiri. Apa m'pamene amasokonezeka, ndipo mudzaona ena akutseka maso kuti asakokedwe ndi gulu loyandikana nalo. Aloleni atero. Amene akuthamanga musamukalipire, ingomuimikani pafupi ndi mnzake woponda mwamphamvu.

Za zida musadandaule. Zitsekerero za mabotolo zophwanthidwa ndi mwala, zobooledwa ndi msomali n'kuzitunga pa waya, zimapanga maseche abwino. Nsungwi yosemedwa mizeremizere n'kumaikwecha ndi kamtengo ndiye nkhwendo, ndipo chigubu cha malita 20 chimalira mokwanira. Ng'oma yobookayo ipititseni kwa mkulu wina m'mudzimo akaiwambenso ndi chikopa cha mbuzi.

Bambo wa ku Luchenza:
Ndikugwirizana ndi mayiwa pa zoyamba ndi thupi, koma ndisiyana nawo pang'ono. Ana amenewa patsala zaka ziwiri kuti alembe mayeso a Sitandade 8, ndipo mayesowo ndi olemba, mu Chingerezi. Mwana wodziwa kuvina koma wosatha kutchula zizindikiro zosonyeza kutalika kwa mawu a nyimbo monga crotchet kapena minim adzavutika. Ine ndimati akangomaliza kuponda ndi kuomba panja, tilowe m'kalasi tsiku lomwelo, ndijambule chizindikiro pabolodi n'kuwauza kuti kuponda kumodzi kuja ndi crotchet, kuomba kuwiri kuja ndi ma quaver awiri. Akatero dzinalo limakhala ndi pokakamira.

Pa kuimba, gwiritsani ntchito doh, re, mi amene ambiri amamumva m'makwaya a kutchalitchi, ndiponso nyimbo zathu za woyambitsa ndi ovomera, chifukwa m'kalasi ya ana ochuluka chonchi mzere uliwonse ungapatsidwe mpata woyambitsa. Anyamata aja si amwano ayi. Mawu awo akusintha, ndipo amaopa kusekedwa ndi atsikana mawuwo akathyoka pakati pa nyimbo. Tsitsani poyambira nyimbo, muwaike pamodzi kumbuyo kuti azivomera ndi mawu a besi, ndipo musamuimiritse mmodzi yekha pamaso pa anzake.

Mphunzitsi wopuma wa ku Mulanje:
Ana anga, ndiwonjezere chimodzi chimene achinyamata mumachiiwala. Tchopa ndi gule amene makolo ankavina popereka nsembe kwa mizimu kukakhala chilala kapena mliri, komanso pokondwerera zokolola, choncho makolo ena opemphera sakondwa akamva kuti mwana wawo akuvina kusukulu. Musanayambe, kambiranani ndi ahedi ndi komiti ya sukulu, mufotokoze kuti mukuphunzitsa kagundidwe ka ng'oma ndi mbiri ya guleyo, osati kuthira nsembe. Mukatero, a komiti omwewo ndi amene adzakulozereni woimba ng'oma waluso woti abwere kudzaonetsa ana mmene amawambira ng'oma pamoto ndi kumata phula pakati pake kuti ilire mozama.

Ngati mukufuna chida chotulutsa nyimbo yeniyeni, pangani mangolongondo. Mumagoneka mathunthu awiri a nthochi pansi, pamwamba pake n'kuyala zipika zouma zosiyana kutalika, ndipo ana awiri amakhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata imene mnzake wasiya. Zipikazo zikhale za mitengo wamba ya kumudzi, ana asakatenge mkungudza wa m'phiri la Mulanje chifukwa ndi wotetezedwa.

Mphunzitsi wa ku Thyolo:
Zikomo kwambiri nonse. Lolemba ndikaonana ndi ahedi za komiti ndi za ng'oma ija, ndipo ana ndawauza kale kuti atolere zitsekerero za mabotolo kumsika. Bambo a ku Luchenza, kodi gulu lachitatu lija lomenya katatu mumalilemba bwanji pabolodi?