Akatswiri a pa gulupu ationongera kachewere

Mlimi wa ku Tsangano:
Abale ndithandizeni, munthu sanagwirepo khasu koma pa WhatsApp akulangiza molimba mtima za chiwawu cha kachewere, akuti thirani urea wambiri masamba abwerera. Achimwene anga anamvera, munda wonse wapsa, masamba akuda bii mpaka tsinde. Anthu otere timatani nawo?

Nachisale:
Pepani achimwene. Chiwawu si njala ya mbewu ayi, ndi matenda, amakonda chinyezi ndi nkhungu ija ya kuno kumapiri, ndiye urea angopangitsa masamba kuwirira matenda nkumayenda bwino. Mankhwala a Dithane timapopera matenda asanalowe, akalowa sachiza.

Wa pa Lizulu:
Eee zimandiwawa heve, pa msika pano aliponso wina amati mbewu iliyonse ndi mbewu, anthu nkumagula timbatata totsalira pa mulu tomwe tili ndi matenda kale, ukamufunsa unalimapo kuti amangokweza mawu.

Bambo a Chisomo:
Mufunseni pa gulupu pomwepo anaziyesa munda uti. Achimwenewo apite kwa alangizi, atenge masamba odwalawo mu jumbo akawaonetse.