Kodi thandizo la boma kwa opanga mafilimu lingatifike ife Amalawi kuno ku Joni?

Wofunsa: Moni nonse akuluakulu a pagulu lino. Ndakhala ku Johannesburg zaka 6, ndipo Loweruka ndi Lamulungu ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi anzathu. Ndalemba nkhani ya filimu ya amayi ogwira ntchito za m'nyumba ku Sandton amene anasiya ana kwa agogo awo ku Mangochi. Mnzanga amene tinasonkherana kugula kamera anapita nayo ku Durban osatsanzika, mlamu wanga akukana kundibwereka galimoto, ndipo mwini nyumba ku Yeoville wakweza lendi pamene ine ndikuyesetsa kusunga ndalama za ntchitoyi, moti tulo sindikutiona. Ndamva kuti boma la kuno limathandiza opanga mafilimu. Ndipite kuti, ndipo angandipatse zingati?

Bambo a ku Turffontein: Achimwene, musataye nthawi. Ndalamazo boma linaikira nzika zake. Ine ndinanyamula zipangizo milungu itatu pa kampani ina yojambula ku Randburg, koma malipiro a mlungu wotsiriza sindinawaone mpaka lero.

Mayi a ku Rosettenville: Pepani ndi zimenezo bambo, koma funso si limenelo. Achimwene, makomo alipo awiri. National Film and Video Foundation, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997 ndipo ofesi yake ili ku Houghton, imathandiza ndi ndalama zolembera nkhani ndi zojambulira. Unduna wa zamalonda, umene amautchula kuti dtic, supereka ndalama zoyambira ntchito: mumayamba mwagwiritsa ntchito zanu, kenako amakubwezerani gawo la zimene mwawonongera m'dziko muno, 35 peresenti pa filimu ya kuno ndi 25 peresenti pa filimu yakunja yodzajambulidwa kuno.

Bambo a ku Turffontein: Mwadzimvera nokha. Munthu wojambula maukwati azitenga kuti ndalama zoti ayambe wawononga? Dongosololi analikonzera makampani akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya amene amakajambula ku Cape Town, chifukwa boma limafuna kuti akalipentala, madalaivala ndi mahotela a kuno apeze ntchito. Za mwana wa ku Mangochi palibe akuziganizira.

Mnyamata wa ku Hillbrow: Amalume, ine ndimajambula ndi foni n'kuika pa YouTube, ndipo sindinapemphepo chilolezo kwa munthu aliyense.

Mayi a ku Rosettenville: Mwana wanga, zimenezo zimatheka m'chipinda mwako. Ukatuluka ndi gulu kukajambula pamsewu pamafunika chilolezo, ndipo a Gauteng Film Commission amathandiza kuchipeza.

Agogo a ku Mayfair: Ine chandikhudza ndi kuwatchula alamu anu pagulu. Za m'banja zimakambidwa kunyumba, ndipo galimotoyo ndi yawo.

Bambo a ku Turffontein: Agogo, za alamu zisiyeni, vuto lili kwathu. South Africa inasainirana mapangano opangira mafilimu limodzi ndi maiko monga Canada, Britain, France ndi Germany, koma ndi Malawi palibe pangano lotero. Tikanakhala nalo, bwenzi achimwenewa akulowera pakhomo osati pawindo. Ndakhala ndikunena zimenezi pagulu lino, koma anthu amandiyesa wolongolola.

Mnyamata wa ku Hillbrow: Ndiye tidikire pangano kuti tijambule, amalume?

Mayi a ku Rosettenville: Achimwene ofunsa, simunatiuze chinthu chachikulu. Kodi muli ndi mapepala otani okhalira m'dziko muno, ndipo muli ndi kampani yolembetsedwa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, kapena mnzanu wa kuno amene ali nayo? Komanso tiuzeni ngati mwayamba kale kujambula, chifukwa ku dtic pempho limayenera kulowa kujambula kusanayambe.

Wofunsa: Zikomo kwambiri mayi ndi nonse. Mnzanga uja wandiyankha usiku wathawu kuti kamera adzabwera nayo mwezi wamawa, koma akufuna ndimubwezere theka la ndalama zimene anasonkha. Kodi pamenepa ndivomere?