Mawu anga asasa kwa miyezi itatu: kodi n'zoona kuti vuto ndi asidi wa m'mimba?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa zachipatala. Kwa miyezi itatu tsopano mawu anga ndi osasa, ndipo m'mawa uliwonse ndimamva ngati pakhosi pakhala kanthu kamene sikatsika ngakhale nditamwa madzi ambiri. Kuchipatala anandiuza kuti ndi asidi wokwera kuchokera m'mimba ndipo anandipatsa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi, koma ine sindimva chilungulira ngakhale pang'ono, komanso mankhwalawo ndamwa masabata asanu ndi limodzi popanda kusintha. Kodi asidi angavulaze kholingo munthu osamva kutentha pamtima?

Namwino wopuma ntchito, Nsanje:
Aphunzitsi, zimenezo zimatheka. Madokotala amatcha vutoli laryngopharyngeal reflux, ndipo amene analifotokoza kwambiri ndi Jamie Koufman wa ku America m'kafukufuku wake wa mu 1991. Kummero, kumene kumadutsa chakudya, kumapirirako asidi, koma kholingo, kumene kumachokera mawu, ndi lanthete, moti timadzi tochepa ta m'mimba, tokhala ndi asidi pamodzi ndi pepsin amene amagaya nyama ndi nyemba, tikafika pamenepo timatupitsa timinofu ta mawu popanda chilungulira. Mu 2002 ofufuza a ku Britain anapeza pepsin ngakhale m'madzi odzaza m'kati mwa makutu a ana, zomwe zinaonetsa kuti timadziti tikhoza kukwera patali.

Za mankhwala musadabwe nazo. Kafukufuku wa ku Britain amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2021 anatenga anthu 346 a mavuto a pakhosi ngati anuwa. Ena anamwa lansoprazole, mbale wake wa omeprazole, kawiri pa tsiku kwa masabata 16, ena anamwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo pamapeto pake magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Ine ndimaona kuti timafulumira kuloza asidi chala chifukwa omeprazole ndi amene ali pafupi.

Mlimi wa ku Nchalo:
Ine ndinavutikapo chimodzimodzi. Kuno nthawi yotentha timadya mochedwa, dzuwa litalowa kalekale, kenaka n'kugona pamphasa panja nsima isanatsike. Nditayamba kudya maola atatu ndisanagone, kuchepetsa tsabola ndi tiyi wamphamvu, kugonera kumanzere ndi kuika njerwa ziwiri pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu, zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Utsi wa nzimbe zootchedwa ndi fumbi la mu Okutobala nazonso zimakanda kukhosi, ndipo inu mumakuwa m'kalasi tsiku lonse mukupuma fumbi la choko.

Namwino wopuma ntchito, Nsanje:
Malangizo a bambo a ku Nchalo ndi abwino, koma asakhale chifukwa chodikira. Mawu akasasa kupitirira masabata anayi, kholingo liyenera kuonedwa ndi kachipangizo ka kamera kamene amalowetsa kudzera m'mphuno, chifukwa zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi chifuwa chachikulu cha pakholingo, timatuza ta pa timinofu ta mawu, ngakhalenso khansa. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, choncho ngati nsima ikukanirira pomeza, mukuonda, kapena mukuona magazi m'makhololo, musazengereze. Yambani ndi kuyezetsa makhololo pa chipatala cha boma ku Chikwawa, ndipo mupemphe kalata yopita nayo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Zikomo kwambiri mayi, ndi inunso bambo. Kumeza ndikumeza bwinobwino ndipo sindinaonde, koma makhololo sindinayezetsepo. Lolemba ndikapempha chilolezo kwa ahedi kuti ndipite ku Chikwawa.