Gulu la banja: za mimba ya Tamanda

Chikondi: Mwaswera bwanji nonse. Tangobwera kumene kusikelo ndi Tamanda. Mimba ili ndi masabata 19, mtima wa mwana tawumva ukugunda bwino. Koma magazi a mayi ndi ochepa, alemba 9.1. Apezekanso ndi malungo komanso njoka zam'mimba. Ndati ndinene kuno tigawane zochita, poti ine ntchito imandichotsa pakhomo pafupipafupi.

Mayi: Malungo atani? Apongozi angawa ndinali nawo Lamlungu, thupi silinkatentha. Ankangoti akumva kutopa.

Azakhali Ireen: Alamu, malungo a pathupi amatero kumene. Tizilombo take timalowa m'magazi n'kukaunjikana mu nsengwa, momwe mwana amalandirira chakudya ndi mpweya. Mayi amatha kumayenda bwinobwino, nthawi zina ngakhale kuyeza kwa pachala osaonetsa kanthu, koma mkatimo magazi akuphwanyika ndipo mwana akulandira zochepa. Mimba yoyamba ngati iyi ndiyo imavutika kwambiri, chifukwa thupi silinaphunzire kulimbana ndi tizilombo tobisala mu nsengwa. Mapeto ake ndi kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kapena mwana kubadwa wosakwana makilogalamu 2.5. Ana otere ndawalera ambiri kuntchito, amavutika kuyamwa ndi kusunga kutentha m'thupi.

Mphatso: Nanga 9.1 yo ndi yoopsa bwanji, azakhali?

Azakhali Ireen: Woyembekezera amafunika 11 kapena kuposa. Akatsika pansi pa 7 ndiye zafika poipa, nthawi zambiri timaganiza zomuika magazi. Ali pakati, ndipo nthawi yokweza ilipo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi tsiku lobereka: mayi wa magazi ochepa akataya ngakhale pang'ono, amafooka msanga. Chiko, akupatsani chiyani?

Chikondi: LA wa masiku 3, m'mawa ndi madzulo. Piritsi limodzi la albendazole, lopha njoka zam'mimba, wamwera konko. Ndi a magazi aja, tsiku lililonse. Akuti SP ayamba ulendo wamawa.

Azakhali Ireen: Achita bwino. LA amalize yense ngakhale apeze bwino mawa, ndipo azimwa atadya. SP, yemwe ambiri timati Fansidar, ndi woteteza: mapiritsi 3 pamaso pa anamwino, mwezi ndi mwezi mpaka kubereka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati asachepere maulendo 3, ndipo amayambira masabata 13. Tachedwa kale, ndiye pasapezeke mwezi wodumpha.

Mayi: Ine ndimamva kuti mapiritsi a magaziwo amakulitsa mwana, pobereka n'kuvuta. Sindikukana, ndikungofunsa.

Azakhali Ireen: Mwachita bwino kufunsa pano, kusiyana n'kukawauza kuseri kuti asiye. Sakulitsa mwana kupyola muyezo ayi. Amabwezeretsa magazi amene malungo ndi njoka zatha. Chimbudzi chimada, ena amachita nseru kapena kudzimbidwa, zimenezo zisawaopse. Asamwere tiyi, amalepheretsa mankhwala kulowa bwino m'thupi.

Tamanda: Zikomo nonse. Amayi, mankhwala ndimwa, musade nkhawa. Chondivuta ndi nseru basi, ndi chizungulire ndikaimirira msanga.

Dalitso: Alamu pepani. Koma njokazo zimalowa bwanji? Ndimayesa ndi za ana.

Azakhali Ireen: Zimene zimatha magazi zimalowera pakhungu la kuphazi munthu akaponda dothi lomwe pagwera chimbudzi. Zikafika m'matumbo zimaluma khoma n'kumayamwa magazi tsiku ndi tsiku. Piritsi lija lapha zomwe zilimo, koma silitchinga zatsopano. Tamanda asatulukenso panja wopanda nsapato, kudimba ndi kuchimbudzi makamaka.

Dalitso: Nsapato zotseka ndigula ine. Alamu nditumizireni saizi.

Amalume: Ine ndawerenga zonse. Funso langa ndi la mphaka uja wa pakhomo panu. Ndinamva kuti mphaka amachititsa khungu mwana wosabadwa. Ngati n'zoona mumuchotse lero.

Azakhali Ireen: Achimwene, choonadi chilipo koma mphaka asaphedwe. Matendawo ndi toxoplasmosis. Kachilombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha mphaka, ndipo kamakhalanso mu nyama yosapsa bwino ndi masamba osatsuka. Mayi akakatenga koyamba ali ndi pakati, iye mwina sadwala n'komwe, koma kamatha kudutsa mu nsengwa n'kuwononga maso ndi ubongo wa mwana. Mimba ikakhala yaing'ono sikadutsa kawirikawiri, koma kakadutsa kamawononga kwambiri. Kumusisita mphaka si vuto lenileni. Vuto ndi chimbudzi chake, chomwe chimayamba kupatsira matenda patapita tsiku limodzi mpaka 5. Ndiye wina azichotsa tsiku lililonse, osati Tamanda. Nyama izipsa mpaka mkati, mpeni wodulira nyama yaiwisi uzitsukidwa usanakhudze china, ndipo akagwira dothi asambe m'manja ndi sopo.

Amalume: Ndamva. Mphaka abwere kwa ine mpaka mwana abadwe, pasakhale zoiwala.

Mphatso: Ine changa ndi kuchapa. Alamu amapitabe kumtsinje, amaima m'madzi nthawi yaitali. Likodzo si tizilombonso?

Azakhali Ireen: Ndi tizilombo, timachokera ku nkhono za m'madzi n'kuboola khungu. Timathanso magazi, ndipo kwa akazi mazira ake amatha kuyambitsa zilonda m'njira yoberekera. Tamanda, unawauza kusikelo zoti umachapa kumtsinje?

Tamanda: Ayi azakhali, sanafunse.

Azakhali Ireen: Ukanene ulendo wamawa, upemphe akuyeze mkodzo. Mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa kwa oyembekezera, koma alembe ndi achipatala. Pasapezeke wogula mankhwala a njoka kapena a malungo payekha n'kumupatsa.

Mphatso: Zochapa ndizidzatenga ine Lachitatu ndi Loweruka. Kumtsinje alamu basi.

Mayi: Nanga neti ilipo? Chikondi ndimakudziwa, uli mwana unkaikana kuti ikutentha.

Chikondi: Atipatsa yatsopano lero, ndayanika pamthunzi. Yakale inabooka. Mawa ndiipachika.

Azakhali Ireen: Usiku uno agone mu yakaleyo, musoke pobookapo. Udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndiye azigona mu neti usiku uliwonse, kaya iwe Chiko ulipo kapena kulibe. Tsopano za kuperekeza. Masiku ali m'buku la kusikelo, Chiko ajambule atumize kuno.

Mayi: Mwezi wamawa ndipita nawo ine. Ndikufuna ndikaone akumwa SP yo ndi maso anga.

Dalitso: Wotsatirawo ine, ngati achimwene kudzakhale kulibe.

Azakhali Ireen: Chabwino. Ndipo aliyense amene ali naye pafupi amve izi: akatentha thupi, akataya magazi, mutu ukamuwawa kwambiri, akamabanika popuma, akakomoka, kapena mtsogolomu mwana akasiya kugunda, musadikire kuche ndipo musayambe kufunsa pa gulu lino. Nyamukani, mundiimbire muli m'njira. Amalume anu ali ndi galimoto.

Amalume: Foni yanga siizimanso usiku. Za magazi bwanji, ngati angadzafunike?

Azakhali Ireen: Amene angathe akapereke magazi tsopano, osadikira tsiku la mavuto. Ndani ali wokonzeka?

Dalitso: Ine.

Chikondi: Inenso. Loweruka tipitire limodzi. Buku lija ndikujambula pano.